Chilungulira chikakana kutha: soda, mapilisi, kukweza bedi kapena opaleshoni?

Chilungulira palibe amene sachidziwa. Munthu wadya mbatata ndi tiyi, kapena wakhuta nsima ya madzulo n'kulowa m'bulangete nthawi yomweyo, pakati pa usiku pachifuwa payamba kutentha, timadzi towawasa takwera mpaka kukhosi. Zikamachitika mwa apo ndi apo, si nkhani. Koma alipo amene zimawapeza kawiri pa sabata kapena kuposa, mwezi ndi mwezi, ndipo amenewa amafika pofunika kusankha: apitirize kusungunula soda wa kukhitchini, agule mapilisi otafuna, ayambe omeprazole wochepetsa asidi, kapena afunse za opaleshoni.

Musanasankhe, dziwani pamene pagona vuto. Mmero ndi njira yotalika masentimita pafupifupi 25 yochokera kukhosi kukafika m'chifu. Kumapeto kwake kuli mnofu wozungulira, wa masentimita 3 kapena 4, umene umakhala wofinya ngati kukamwa kwa thumba lomangidwa ndi chingwe. Umamasuka pamene mukumeza kapena kugeya, kenako n'kufinyanso. Mnofu waukulu wopumira, umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, umathandiza pofinya cha kunja. Limeneli ndiye khomo la chifu. M'kati mwa chifu munapangidwa mopirira asidi, koma mmero ayi, n'chifukwa chake asidi akangodutsa pakhomoli mumamva moto.

Khomoli limamasuka pafupipafupi chifu chikadzaza kwambiri. Mafuta, mowa ndi fodya zimalifooketsa. Mimba yonenepa imakankha chifu kuchokera pansi. Pathupi pamachita zonse ziwiri, mahomoni amafewetsa mnofu ndipo mwana amakankha. Kwa ena mbali ya chifu imachita kukwera m'chifuwa kudzera pabowo limene mmero umadutsa, vuto limene madokotala amalitcha hiatus hernia. Mankhwala ena a BP, monga amlodipine ndi nifedipine, nawonso amamasula mnofuwu.

Ambiri ovutika ndi chilungulira sapanga asidi wochuluka kuposa anzawo. Asidi wawo amangofika pamalo olakwika. Ndipo mankhwala onse amene tikambe pano amalimbana ndi asidiyo, palibe ngakhale amodzi okonza khomo. Mukasunga zimenezi m'mutu, simudabwa chilungulira chikabwerera mapilisi atatha.

## Amene nkhaniyi sikuwakwanira

Ngati chakudya chikukakamira pachifuwa pomeza, makamaka ngati munayamba ndi kuvutika ndi nyama, kenako nsima, tsopano phala, musagule chilichonse. Pitani kuchipatala. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo chizindikiro chake chachikulu n'chimenechi. Khansa imene yafala kunoyi si mtundu umene umayamba ndi chilungulira, koma munthu angathe kutaya miyezi akumwa mankhwala a asidi poganiza kuti ndi chilungulira chovuta. Chimodzimodzi ngati mukuonda popanda chifukwa, mukusanza magazi, chimbudzi chikutuluka chakuda bii, mukusanza tsiku ndi tsiku, kapena akuuzani kuti magazi ndi ochepa. Kupweteka pomeza, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV, kawirikawiri kumakhala mafangasi a kummero, ndipo mankhwala ake ndi ena. Ululu wa pachifuwa wobwera pokwera chitunda, wotsikira kumkono kapena kunsagwada, wa thukuta ndi phuma, uoneni ngati wa mtima kufikira achipatala atanena kuti si mtima.

## Miyeso yake

Funso loyamba ndi lakuti chilungulira chimakupezani kangati, ndipo nthawi yanji. Cha kamodzi pa mwezi ndi cha usiku uliwonse sizifuna chithandizo chofanana. Mukayankha limenelo, njira iliyonse iyezeni pa zinthu zinayi: mtengo wake pa mwezi wathunthu osati wa pilisi limodzi, kupezeka kwake kumene mukukhala, khama limene imafuna kuti ipitirire kugwira ntchito, ndi zoopsa zake, kuphatikizapo kusagwirizana ndi mankhwala ena amene mukumwa kale. Chomalizachi ndiye ambiri sachifunsa pogula, pamene kwa anthu omwa ma ARV n'chimene chiyenera kuyamba.

## Kusintha kadyedwe ndi kagonedwe

Mtengo. Njerwa zinayi, mwinanso ziwiri. Mumakweza miyendo ya bedi ya kumutu ndi masentimita 15 mpaka 20, kuti thupi lonse lipendekeke ndipo asidi azivutika kukwera. Kuunjika mapilo sikufanana ndi zimenezi: mapilo amapinda thupi m'chiuno n'kufinya mimba, zinthu n'kuipiraipira. Wogona pamphasa kapena pamatiresi apansi angaike thabwa kapena mabulangete opinda pansi pake, kuyambira m'chiuno kukwera pang'onopang'ono mpaka kumutu.

Kupezeka. Paliponse.

Khama lake. Apa ndiye pali ntchito. Zimene zili ndi umboni wabwino ndi zochepa: kuchepetsa thupi ngati mimba yakula, kusiya fodya, kusadya kukatsala maola osakwana 3 kuti mugone, kukweza kumutu, ndi kugonera kumanzere, chifukwa mukatero chifu chimakhala m'munsi mwa khomo lake. Lamulo la maola 3 ndi limene limavuta m'nyumba zambiri, poti chakudya chachikulu chimakhala cha madzulo, ndipo ambiri amafika pakhomo kutada, kudya, kusamba m'manja, kugona. Ngati nthawi singasinthe, sinthani kuchuluka: mitanda yambiri masana, yochepa usiku. Kuwerama mutangodya, kaya ndi kuchapa, kupalira kapena kusesa ndi tsache lalifupi, kumakankhanso asidi. Lamba wothina chimodzimodzi.

Pa zakudya, ine sindigwirizana ndi mndandanda wautali umene anthu amapatsana, woletsa tomato, nyemba, tsabola, malalanje, tiyi, khofi, zonse pakamodzi. Munthu amatsala ndi phala lokha, amapirira sabata ziwiri, n'kusiya zonse. Zakudya zoputa chilungulira zimasiyana munthu ndi munthu. Siyani chimodzi kwa sabata ziwiri, muone. Zabwino kuyamba kusiya ndi zokazinga za mafuta ambiri monga chipisi cha pachiwaya ndi mandasi, zakumwa za gasi, ndi mowa wa usiku.

Zoopsa. Palibe, kupatula kudzimana zakudya mopanda chifukwa. Koma kunena zoona, ngati asidi wayambitsa kale zilonda kummero, njira imeneyi payokha siichiza.

## Soda ndi mkaka

Mtengo ndi wochepa kwambiri, ndipo kupezeka kwake n'kosachita kufunsa, poti soda wothira m'therere ali m'khitchini iliyonse. Amagwiradi ntchito, m'mphindi zochepa moto wazima.

Khama lake. Mpumulo wake ndi waufupi, ndiye mumabwerezabwereza. Soda akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya, mpweyawo umatupitsa chifu, mumageya, ndipo pogeya khomo lija limatseguka. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, kenako mafuta ndi mapuloteni ake amachititsa chifu kutulutsa asidi wina.

Zoopsa. Soda ali ndi sodium, yemweyo wa mumchere amene odwala BP, mtima ndi impso amauzidwa kuti achepetse. Amayi oyembekezera asamwe. Kwa munthu wathanzi amene chamupeza usiku umodzi alibe china, theka la sipuni yaing'ono m'kapu ya madzi si mlandu. Chizolowezi cha tsiku ndi tsiku ndiye ayi.

## Mapilisi otafuna ndi mankhwala amadzi ozimitsa asidi

M'gulu limeneli muli magnesium trisilicate, amene ambiri anawalandirapo kuchipatala, ndi ena a aluminium hydroxide kapena calcium carbonate. Palinso a mtundu wa Gaviscon, amene ali ndi alginate wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere. Awa amasiyana pang'ono: amapanga thovu lolimba loyandama pamwamba pa chakudya m'chifu, moti chikakwera kummero ndi thovulo m'malo mwa asidi.

Mtengo. Magnesium trisilicate ndi wotsika mtengo. Gaviscon ndi wokwera, ndipo botolo silichedwa kutha ngati mukumwa mukatha kudya kulikonse. Mankhwala ochokera kunja akhala akukwera kuyambira pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye werengani za mwezi wonse musanazolowere.

Kupezeka. Otafuna amapezeka m'mafamase ambiri ndi m'zipatala zazing'ono, safuna kalata ya dokotala. Alginate ndi wa m'mafamase a m'tauni.

Khama lake. Mumamwa chikakupezani, kapena mukatha kudya ndi pogona. Amayamba msanga, amathanso msanga, pamimba yopanda kanthu mwina ola limodzi osakwana. Sachiza zilonda za kummero.

Zoopsa. Magnesium amatsegula m'mimba, aluminium ndi calcium amadzimbitsa. Odwala impso afunse kaye. Koma choopsa chenicheni n'chakuti mankhwalawa amagwira mankhwala ena m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Anthu ambiri omwa ma ARV ku Malawi kuno ali pa 13A, amene muli dolutegravir, ndipo dolutegravir amagwidwa ndi magnesium, aluminium ndi calcium. Lamulo lake ndi lakuti ARV amwedwe maola 2 musanamwe ozimitsa asidi, kapena maola 6 mutamwa. Munthu womwa ARV wake usiku n'kutafuna mapilisi a chilungulira pogona angakhale akufooketsa mankhwala ake osadziwa. Doxycycline, ciprofloxacin ndi mapilisi owonjezera magazi a kusikelo nawonso amafuna kutalikitsidwa ndi maola osachepera awiri.

## Famotidine ndi cimetidine

Awa sazimitsa asidi amene alipo kale, amachepetsa amene chifu chikupanga. Amayamba kugwira pakatha pafupifupi ola, n'kukhala mpaka maola 10 kapena 12, choncho amathandiza chilungulira cha usiku, kapena kumwa musanapite ku ukwati kumene mukudziwa kuti mukadya zonona.

Mtengo. Wapakatikati, ndipo poti simumwa tsiku lililonse, paketi imakhalitsa.

Kupezeka. Gululi linachepa m'mashelefu. Wotchuka kwambiri anali ranitidine, koma mu Epulo 2020 bungwe la FDA la ku America linapempha kuti achotsedwe pamsika atapezeka ndi NDMA, chinthu chimene chingayambitse khansa, ndipo mayiko ambiri anachita chimodzimodzi. Mukamupeza akugulitsidwa penapake, musiyeni. Famotidine alibe vuto limenelo.

Khama lake. Mukamamwa tsiku ndi tsiku thupi limawazolowera m'masabata ochepa, mphamvu n'kuchepa. Ndi abwino kumwa modumphadumpha.

Zoopsa. Famotidine ali ndi zochepa, kungoti odwala impso ndi okalamba amafunika mlingo wotsika. Cimetidine, wakale kwambiri wa m'ma 1970, amasokoneza mankhwala ambiri, monga warfarin woletsa magazi kuundana ndi phenytoin wa khunyu, ndipo akamwedwa nthawi yaitali angatupitse mabere a amuna.

## Omeprazole ndi abale ake

Omeprazole anatuluka mu 1988 kuchokera ku kampani ya Astra ya ku Sweden, ndipo pambuyo pake panabwera lansoprazole, pantoprazole ndi esomeprazole. Amatseka timapampu ta m'chifu timene timatulutsa asidi. Pa mankhwala onse amene takambawa, awa ndiwo amphamvu: mwa anthu 10 amene asidi wawapsereza kummero, pafupifupi 8 amapola m'masabata 8.

Mtengo. Omeprazole wamba, amene ambiri amachokera ku India, ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi ntchito yake. Esomeprazole wa dzina lotchuka amadula kwambiri, koma kwa munthu wa chilungulira wamba kusiyana kwake n'kochepa, kosayenera ndalama zowonjezerazo.

Kupezeka. M'mafamase pafupifupi onse. M'zipatala za boma ndi aulere akakhalapo, m'zipatala za CHAM mumalipira. Gulani m'famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, osati makapisozi a pabenchi pamsika amene akhala padzuwa tsiku lonse.

Khama lake. Ambiri amene amati omeprazole sawathandiza amamumwa molakwika. Samwedwa ngati Panado, kuti chapweteka ndiye wameza. Amagwira timapampu tikadzuka, ndipo chimatidzutsa ndi chakudya. Choncho kapisozi wa 20 mg amamwedwa m'mawa, mphindi 30 mpaka ola limodzi musanadye, tsiku lililonse, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakatha masiku 3 mpaka 5. Ngati m'mawa simudya, imwani musanadye chakudya choyamba cha tsikulo. Musatafune timibulu ta m'kati. Nthawi yoyesera ndi masabata 4 mpaka 8, kenako muone ngati mungasiye.

Posiya pali msampha. Mukamwa kwa miyezi iwiri kapena kuposa n'kusiya mwadzidzidzi, chifu chimatulutsa asidi wochuluka kwa sabata zingapo, ndipo munthu amaganiza kuti matenda abwerera, n'kuyambanso, mpaka chaka chimatha. Tsikani pang'onopang'ono, kudumphitsa tsiku, mukudzithandiza ndi otafuna masiku ovutawo. Ena amapezadi kuti popanda omeprazole sakhala, makamaka amene ali ndi hiatus hernia kapena zilonda zazikulu za kummero. Amenewa apitirize pa mlingo wochepa umene ukuwakwanira, dokotala akudziwa.

Zoopsa. Za masiku oyamba ndi mutu, kutsegula m'mimba ndi mpweya. Za zaka zambiri ndi kuchepa kwa magnesium ndi vitamini B12, kufooka pang'ono kwa mafupa, ndi matenda a m'matumbo, pakuti asidi wa m'chifu ndi amene amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya ndi madzi. Kumene madzi akumwa ndi okayikitsa, mfundo imeneyi si yopepuka. Komabe mauthenga a pa WhatsApp onena kuti omeprazole amawononga impso ndi ubongo wa aliyense amakokomeza. Kwa amene akufunikiradi mankhwalawa, phindu limaposa zoopsa. Amene ndimawadera nkhawa ndi omwa zaka zitatu popanda wina kuwafunsa chifukwa chake, ndiponso amene mankhwalawa akuwabisira zizindikiro za matenda ena.

Awiri asamwe asanafunse: amene ali pa ma ARV okhala ndi atazanavir, chifukwa atazanavir amafuna asidi kuti alowe m'thupi ndipo omeprazole amamugwetsa kwambiri, ndi amene amamwa clopidogrel wa mtima.

Kanthu kena kapambali. Kuno chilichonse chotentha pamimba chimatchedwa maalusa. Zilonda za m'chifu ndi chilungulira ndi matenda awiri. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori kapena mankhwala a ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin, ndipo za kachilomboko zimachizika ndi maantibayotiki ophatikiza ndi omeprazole. Maantibayotiki amenewo sakonza khomo la chifu, ndiye musawamwe chifukwa cha chilungulira chokha.

## Opaleshoni

Iyi yokha ndiyo imakhudza khomo lenilenilo. Dokotala amabweza chifu pansi ngati chinakwera, amachepetsa bowo la mnofu wopumira, n'kutenga mbali ya pamwamba ya chifu kuikulunga kuzungulira kumapeto kwa mmero. Anaiyambitsa ndi Rudolph Nissen mu 1955, ndipo kuyambira 1991 imachitidwa kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba ndi kamera. Pali mtundu wokulunga mbali yokha, wa Toupet, umene suthina kwambiri. Ku America anavomerezanso mu 2012 kamkanda ka maginito kotchedwa LINX kovekedwa pakhomopo, koma n'kodula ndipo n'ka zipatala zochepa.

Mtengo. Wokwera kuposa zonse, makamaka m'zipatala zolipira kapena mukapita ku South Africa kapena ku India. Amene ali pa MASM kapena inshulansi ina afunse kaye ngati amalipirira.

Kupezeka. Choyamba ndi kuunikidwa kummero ndi kamera, zimene zimachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiponso m'zipatala zina zolipira. Opaleshoni isanachitike pamafunikanso kuyeza asidi wa kummero kwa maola 24 ndi mphamvu ya minofu yomezera. Dokotala amene akufuna kukuchitani opaleshoniyi mufunseni kuti amachita angati pa chaka, chifukwa zotsatira zake zimadalira kwambiri kuzolowera kwa manja.

Khama lake. Masabata angapo a zakudya zofewa, kenako ambiri amasiya mapilisi. Si onse: kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2017, wa anthu oposa 2,600, anapeza kuti pafupifupi 18 pa 100 alionse chilungulira chinawabwerera.

Zoopsa. Kuvutika kumeza, kulephera kugeya kapena kusanza, mimba kudzaza mpweya, kuwonjezera pa zoopsa za opaleshoni iliyonse. Chodabwitsa n'chakuti amene opaleshoni imawayendera bwino ndi amene omeprazole amawathandiza kale. Ngati omeprazole womwedwa moyenera sanasinthe kanthu, kawirikawiri vuto si asidi, ndipo mpeni sukonza.

## Njira iti kwa yani

Chilungulira cha kamodzikamodzi, mutadya mbatata kapena zonona: mapilisi otafuna m'thumba, basi. Ngati mukudziwiratu tsiku lake, famotidine ola limodzi musanadye.

Cha usiku chokha: njerwa kumutu kwa bedi, kugonera kumanzere, nsima yochepa madzulo. Zikapanda kukwanira, alginate pogona.

Cha kawiri pa sabata kapena kuposa, popanda zizindikiro zoopsa zija: omeprazole m'mawa musanadye kwa masabata 4 mpaka 8, pamodzi ndi kuchepetsa mimba ndi kusiya fodya. Chikapanda kusintha, kapena chikabwerera msanga mukasiya, pemphani kuunikidwa. Ngati chayamba koyamba muli ndi zaka zopitirira 50, yambani ndi kuchipatala osati kufamase.

Mayi woyembekezera: kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku, otafuna a calcium kapena alginate motalikirana ndi mapilisi a magazi, soda ayi. Chikakula, anamwino a kusikelo angakulembereni amphamvu. Kwa ambiri chimatha mwana akabadwa.

Womwa ma ARV: tchulani nambala ya mankhwala anu kwa wogulitsa, kapena funsani kukiliniki kumene mumalandirira. Pa 13A nkhani ndi kutalikitsa maola, pa atazanavir omeprazole asayandikire.

Wa BP amene chilungulira chinayamba atayamba amlodipine kapena nifedipine: musasiye mankhwala panokha, uzani dokotala aone ngati angasinthe. Womwa diclofenac kapena ibuprofen tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana kapena mawondo, afunse ngati Panado angakwanire.

Opaleshoni ndi ya munthu amene kamera yaonetsa hiatus hernia yaikulu, kapena amene omeprazole wathetsa moto koma chakudya chikubwererabe kukhosi usiku mpaka kutsamwa, kapena wachinyamata amene mayeso atsimikiza vutoli ndipo sakufuna kumwa makapisozi zaka 40 zikubwerazi.